Mwendo wa Fumbi

Zeferino anabwerera ku Chipera chaka chachiwiri nkhondo itatha. Mkazi wake Marcelina anatsogola pa kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu, pamodzi ndi anthu ena ochokera ku Zambia, iye n'kutsatira m'mbuyo atakwera kavalo wake wamkazi, dzina lake Fumbi. Kuothawako Zeferino ankasamalira akavalo oyenda mitunda yaitali pa famu ina cha ku Katete, ndipo potsanzikana mwini famuyo anamupatsa Fumbi. Kwa munthu wa mphumu ngati iye, amene kachitunda kakang'ono kankamukhazika pansi, kavaloyo ndiye anali miyendo yake.

Pabwinja pawo anapeza tchire lokhalokha. Sabata yachitatu, Fumbi akudya msipu, anagwera m'dzenje limene asilikali anakumba kalekale, udzu utalibisa. Anatulukamo ndi miyendo itatu. Mwendo wakutsogolo unatupa kuyambira pabondo mpaka pachiboda, ukutentha ngati mwala wa padzuwa. Zeferino atausisita anadziwa kuti fupa lili bwino, koma mtsempha wang'ambika.

Mvula itangoyamba kunafika Aniceto, katekista woyendera midzi. Anakhala pansi, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanu Teodora ali moyo," anatero. "Ndamuona ndi maso angawa kumudzi wina wa ku Chiputo. Anakwatiwa ndi mnyamata dzina lake Lino, ndipo ndi woyembekezera."

Marcelina anagwa chagada. Teodora anasowa tsiku lothawa lija, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anali atapita kuchitsime pamene mfuti zinayamba kulira, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi makolo ake ankamutchula m'mapemphero a anthu akufa.

"Bambo a Teodora, nyamukani mawa," anatero Marcelina atatsitsimuka.

"Pa chiyani? Kamiyau sifika kumeneko nthawi ya dzinja. Ine wapansi ndikafera panjira."

"Kavalo wanu uja wayamba kuponda."

"Kuponda si kuchira, Mayi a Teodora. Ndikamukwera lero, mtsempha uduka tisanaoloke mtsinje woyamba. Tonse awiri tikhala m'tchire."

Anamutuma Aniceto kuti akabwererako akamuuze mwanayo kuti bambo ake akubwera.

Kuyambira pamenepo Zeferino analibe ntchito ina. M'mawa uliwonse ankamuimika Fumbi m'madzi ozizira a kamtsinje, kenako n'kumumata dothi la pachulu ndi kumukulunga ndi nsanza za bulangeti. Kutupa kutachepa anayamba kumuyendetsa atamugwira chingwe, kuchoka pakhomo kukafika pa mtengo wa msuku n'kubwerera. Sabata yotsatira anafika pa tchalitchi chopanda denga. Kenako kumanda. Sankatuluka m'njira yopondedwa, poopa mabomba okwiriridwa. Akabwerako ankagwada, n'kugwira mwendo wodwalawo ndi dzanja limodzi, wabwinowo ndi linalo, kuyerekeza kutentha kwake.

Mwezi wachitatu anamuika chishalo chopanda munthu. Wachinayi anakwera. Ankamuthamangitsa pang'ono pamalo olimba, khutu lili pa ziboda, kumvetsera ngati zinayi zonse zikulira mofanana. Marcelina anali atamanga kale kamtolo: nsalu yatsopano, mtedza, ndi kolona imene Teodora anaisiya pamphasa tsiku lija.

Tsiku la ulendo litakwana, Zeferino anagwada n'kugwira mwendo uja.

"Ukutentha," anatero. "Pang'ono pokha. Timupatse masabata awiri."

"Masabata awiri! Kodi munabereka kavalo kapena munthu?"

"Zaka zisanu ndi zinayi tadikira. Masabata awiri sangatiphe."

Marcelina anamasula kamtolo kaja.

Anabwereranso kumadzi ozizira ndi kuyenda kwa chingwe. Masabata awiriwo anasanduka atatu. Pomaliza mwendo unazizira, ndipo Zeferino ananyamuka. Fumbi anayenda ngati sanavulalepo. Anakwera mapiri, anaoloka mitsinje madzi akufika pamimba, osatsimphina ngakhale kamodzi. Tsiku lachitatu masana analowa m'mudzi muja, Zeferino akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona kavalo, koma palibe anaseka. Mayi wina wachikulire, mutu wake wometedwa kumene, anabwera n'kugwada patsogolo pake.

"Ndinu bambo a Teodora," anatero. "Ine ndine Serafina, amake a Lino. Tsikani, asebele, tikakhale pamthunzi."

Zeferino sanatsike. "Ali kuti mwana wanga?"

"Anatisiya. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi. Mwana anabadwa bwino, wamkazi, koma magazi sanasiye. Chipatala chili kutali, mitsinje inali yodzaza." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Masiku onse ankakhala pachitsa icho, kuyang'ana njira. Ankati, bambo anga abwera pa kavalo. Ife tinkamuseka. Kuno kavalo anamuonapo ndani?"

Zeferino anawerenga masiku m'mutu mwake, kubwerera m'mbuyo. Akananyamuka tsiku loyamba lija, akanamupeza. Akanakhala naye masiku angapo, akanamva mawu ake a munthu wamkulu. Anatsika, n'kukhala pafumbi pomwepo atagwira chingwe.

Anamuonetsa manda, dothi likadali lofiira. Lino anaima chapatali, akulira ngati mwana. Khandalo ankaliyamwitsa mlongo wake wa Lino, ndipo atamupatsa kuti alinyamule, Zeferino anafufuza nkhope ya Teodora pa kankhope kaja koma sanaipeze. Anazindikira kuti nkhope imene ankaifuna inali ya mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ya mayi amene anagona m'mandamo sankaidziwa.

Pobwerera Fumbi sanatsimphinenso, ndipo zimenezo zinamuwawa Zeferino koposa. Marcelina anamuona akadali patali, n'kuona mmene anakhalira pachishalo. Anayamba kulira asanamve mawu alionse.

Kwa mwezi wathunthu sanamulankhule mwamuna wake kupatula za chakudya. Zeferino anasiya kukwera. Ankangomwetsa kavaloyo madzi n'kumumangirira kuseri kwa nkhokwe, kumene Marcelina sakanamuona.

Chimanga chitauma, m'mawa wina Marcelina anapita yekha kuseriko. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nyamayo.

"Kodi angathe kunyamula anthu awiri?" anafunsa osacheuka.

"Angathe, tikamapuma panjira."

"Ndiye mundikweze. Ndikufuna ndikaone pamene anagona, ndi mdzukulu wanga."

Marcelina anali asanakwerepo kavalo chibadwire. Zeferino anamuimika Fumbi pafupi ndi mtondo wogadabuza, n'kumugwira dzanja mkazi wake kuti apondepo. Ananyamuka dzuwa lisanatenthe, kulunjika kumtsinje woyamba.