Mwala wa m'malire

Aphunzitsi athu a mapu anatituma kuti aliyense akayeze malo ndi foni, n'kudzajambula malire ake pakompyuta. Ine ndinasankha munda wa amayi.

Amalume, amene munda wawo unagundana ndi wathu, ankanditsatira phazi ndi phazi, manja kumbuyo.

"Iwe, wakutuma ndani? Mayi ako akufuna kugulitsa?"

"Ndi zakusukulu, amalume."

"Zakusukulu n'kumasuzumira mwala wa m'malire?"

M'kalasi ndinasanjika mzere wanga pachithunzi chakale cha mundawo, chojambulidwa kuchokera kumwamba. Malire anali atalowa kwathu mamita asanu. Ndinati mwina foni yanama, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukayezanso.

Ndinapeza mwala wabwerera pamalo pake akale, dothi lake likadali lofewa.