Pepala la Madamu ndi Dzina la Mlamu

Madamu ankaphunzitsa masamu ana osamva pasukulu ya pulayimale. Akaweruka ankatsegula laputopu patebulo la kukhitchini n'kumaphunzira digiri ya uphunzitsi pa intaneti. Chaka chomaliza analemba pepala lalitali lofotokoza mmene amaphunzitsira anawo theka ndi kota, pogwiritsa ntchito zotsekera mabotolo ndi zizindikiro za manja zimene anapanga nawo limodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Patatha sabata atatumiza pepalalo, kunabwera imelo yochokera kukoleji. Makina ofufuza zokopera anali atapeza kuti pafupifupi pepala lonse linalipo kale pa webusaiti ina. Madamu anatsegula webusaitiyo. Mawu ake omwe aja, osasintha ngakhale amodzi. Pamwamba panali chithunzi cha mwamuna wa achemwali ake, atamanga tayi, akumwetulira.

Mlamuyo anthu ankamutchula kuti Profesa chifukwa chokonda mawu akuluakulu. Anali ndi kasukulu ka pa intaneti kokonzekeretsa aphunzitsi mayeso. Mwezi wathawo anabwereka laputopu ya Madamu masiku awiri, ati yake yafa.

Koleji inam'patsa njira ziwiri. Avomere kuti anakopera, apepese, alembenso lina. Apo ayi akaonekere ku komiti, ndipo akapezeka wolakwa achotsedwa.

M'mawa mwake achemwali anafika. Profesa anatsala m'galimoto panja, injini ikulira.

"Iwe, tangopepesa kukolejiko," anatero achemwali ataima pakhomo la khitchini. "Ulemba lina, mutu uli nawo. Koma alamu ako akatchuka kuti ndi wakuba, ana asukulu awo onse athawa."

"Achemwali, ndipepese kuti ndinadzibera ndekha?"

"Ndi zapabanja izi. Tizithetsa m'nyumba."

"Akanafuna za m'nyumba akanatsika m'galimotomo. Kapena mpando wawamata?"

Achemwali anamenyetsa chitseko potuluka. Madamu anakhala pansi. Achemwaliwo ndi amene anamulera bambo awo atamwalira. Komabe Madamu anayankha imelo ija ndi mawu awiri: "Ndibwera kukomiti."

Mlandu unazengedwa pa vidiyo, nthawi ya buleki. Madamu anaika laputopu padesiki m'kalasi mwake. Pagalasi panaoneka anthu atatu a komiti, ndi Profesa ali mu ofesi yake, woitanidwa ngati mwini webusaiti. Profesa anayankhula mphindi khumi osapuma, za kafukufuku wake wozama, za chikondi chake pa ana olumala. Wapampando ankagwedeza mutu. Madamu anaona kuti zinthu zikupita kolakwika.

"Ndili ndi funso limodzi," anatero. "Alamu, patsamba lachisanu mwalemba kuti chizindikiro choyamba cha theka chinasiyidwa chifukwa ana ankaseka. Tationetsani chizindikirocho ndi manja anu. Mutiuzenso chimene ankaseka."

Profesa anakweza dzanja limodzi, n'kulibweza. Kenako anauma, maso ali tong'o, ngati netiweki yathawa.

"Bambo, netiweki ilipo," anatero wapampando. "Katani kumbuyo kwanuko akugwedezeka."

Madamu sanadikire. Anadutsitsa chikhatho pakati pa mutu wake. "Choyamba chinali ichi. Koma ndi mmenenso anawa amatchulira ahedi athu, chifukwa cha dazi lawo. Ndikati theka la lalanje, iwo ankamva kuti ahedi a lalanje." Mmodzi wa komiti anabisa pakamwa. Kenako Madamu anaonetsa chizindikiro chatsopano, anatulutsanso makope akale mmene ankalemba za tsiku lililonse, madeti ake ali pomwepo.

Atakambirana pang'ono, wapampando anati pepalalo ndi la Madamu, ndipo nkhani yatha.

"Siinathe," anatero Madamu. "Munandilembera kalata yonena kuti ndinakopera. Mundilemberenso yonena kuti sindinakopere. Zapakamwa zimauluka."

Kalatayo inafika Lachisanu. Tsiku lomwelo pepala lija linazimiririka pa webusaiti ya Profesa, popanda ngakhale kameseji kopepesa. Achemwali anatseka nambala ya Madamu pafoni.

Lamlungu masana mayi awo anaimba.

"Mwana wanga, mkulu wako sakudya. Pita ukamupepese, mtima wake utsike."

"Amayi, ndimawakonda achemwali. Akabwera ndiwatsegulira, ndiwaphikira tiyi. Koma ndikapepesa, ndinene kuti ndinalakwa chiyani?"

"Mwano umenewo unatengera bambo ako," anatero mayi, n'kudula foni.

Madamu anakhoza bwino digiri yake. Pa mwambo wolandira satifiketi panabwera mayi ndi ahedi. Achemwali sanabwere, ndipo Madamu sanawatumizire zithunzi.