Utsi wa m'Khitchini mwa a Wiryo

"Mu Surabaya monse muno, kuyambira kudoko mpaka kumsika wa mbalame, simupeza malo omwera khofi a mpweya wabwino ngati anga! Antchito anga amapuma ngati ali pamwamba pa phiri."

Anali a Wiryo amenewo, akudziguguda pachifuwa pamaso pa makasitomala. Lamulo loletsa kusutira m'kati litabwera, iwo anamanga kachipinda ka magalasi pakona n'kuunjikamo osuta onse ndi ndudu zawo zothetheka za kretek. Mlamu wawo, amene ntchito yake yeniyeni ndi yomata matayala, anaikamo fani yokoka utsi. Kukoka inkakokadi. Koma paipi yake inkathera m'khitchini, pamutu penipeni pa Lastri wokazinga mpunga, yemwe anali ndi pakati.

Lastri ankatsokomola mpaka misozi, mwana n'kumagunda m'mimba ngati nayenso akukana.

"Bwana, kale utsiwu tinkagawana tonse. Lero mwausonkhanitsa bwinobwino n'kundipatsa ndekha."

"Utsi uti? Ndi mafuta ako opsererawo! Ngati ntchito yakukwana, khomo ndi ilo, palibe walikhoma."

"Anamwino akuti mwanayu..."

"Akulembe ntchito anamwinowo! M'khitchinimo ngakhale khanda likhoza kugonamo mpaka kunenepa."

Osuta aja anafa ndi phwete. Wina anachita kuuzira utsi kufani kuja, n'kumutsinzinira Lastri diso kudzera pagalasi. Lastri anamuyang'ana ngati mphemvu yagwera m'mafuta.

Pakhonde panali chikwere cha mbalame yoimba ya a Wiryo, ya kumipikisano ya Lamlungu. Inkasambitsidwa m'mawa uliwonse, kuothetsedwa dzuwa, kudyetsedwa mazira a nyerere. Akazi awo a Wiryo chisamaliro chotere ankangochimva kwa anzawo. Lastri anapukuta manja, anakanyamula chikwerecho, nachipachika pamsomali pansi pa paipi paja. Kenako anabwerera pachiwaya.

A Wiryo atacheuka, anapeza khonde lili mbee. Anathamangira kukhitchini, kugwetsa mipando ndi khofi wa anthu.

"Mfiti iwe! Ukufuna kundiphera mbalame ndi utsi wa fodyawu? Ikasasa mawu, Lamlungu ukaimba ndiwe?"

Mawuwo anamveka mpaka kumsewu. Anthu onse anasiya makapu ali m'malere, n'kumaonerera bwana akutuluka m'khitchini chikwere atachifunditsa malaya awo, mimba ili pamtunda, akutsokomola ngati mbuzi.