Ampu Itasiya Kung'ung'udza

Gitala anatenga ndi mng'ono wawo wa malemu, maliro atangotha. Nsapato ndi majekete anagawana ena. Koma ampu, chibokosi chakuda chokuzira mawu a gitala, cholemera ngati thumba la simenti, palibe anaifuna, ndipo mtima wa mayi telala, mkazi wa malemuyo, unakhala pansi ataona kuti yatsala pakona pake, pafupi ndi makina osokera.

Inali ampu yachikale, ya mavalavu, timababu tija tam'kati timene timafiira tikatentha. Amuna ake ankaisamala kuposa mmene ankadzisamalira okha. Kapu ya tiyi pamwamba pake, ayi. Kuisuntha ikadali yotentha, ayi. Poyatsa ankayamba swichi yakumanzere, n'kudikira mavalavu afiire, kenako yakumanja. "Nanunso simudzuka n'kuyamba kuthamanga," ankatero.

Ikatentha inkang'ung'udza. Ng'uuu, osalekeza, kaya gitala ikulira kaya ayi. Zaka zonse za banja lawo mayiyu analimbana nalo phokosolo.

"Zimitsani chinjuchi chanucho, mutu ukundiwawa!"

Iwo n'kumangoseka. "Kumeneko n'kupuma kwake, mayi. Mukufuna ileke kupuma?"

Ndiye taonani tsopano. M'mawa uliwonse, asanaponde makina, munthu yemwe uja ankayatsa yakumanzere, kudikira, kuyatsa yakumanja. Gitala palibe, woimba palibe. Koma ng'uuu uja akayamba, kafungo ka fumbi lotentha n'kudzaza m'chipinda, zinkakhala ngati amuna ake angotuluka kukasamba m'manja, abwera pompano. Ankasoka tsiku lonse osacheuka, chifukwa akacheuka ankaona mpando wopanda munthu. Phokoso limene ankadana nalo lija ndilo tsopano linkamudzutsa pabedi.

M'mawa wina atangoyatsa yakumanja, m'kati munang'anima, thaa! Kenako zii.

Anaifunditsa bulangete, n'kuikankha pa wilibala mpaka kwa a Mawaya, okonza mawailesi, anzawo a malemu kuyambira ali anyamata. Kashopu kawo kanali kodzaza ndi mawailesi osegula mimba, moti poponda panali posowa.

"Alamu, yafa," anatero mayiyo.

"Izi sizifa chisawawa, alamu. Tiikeni apa."

A Mawaya anamasula kumbuyo, dzanja lina n'kulipisa m'thumba la thalauza. "Imirirani uko. Iyi imasunga magetsi ngakhale itazima. Ukaigwira ndi manja onse awiri, anthu amakakutola panja." Anasolola fyuzi, yakuda bii. Anayang'ana mavalavu limodzilimodzi, n'kuloza lina limene linayera m'kati ngati lathiridwa ufa. "Wolakwa ndi uyu. Walowa mpweya, ndiye wapha fyuzi."

"Ibwerera mmene inalili?"

"Kuposa pamenepo!"

Mawu anafika pakamwa pa mayiyo, koma anawameza. Akanati chiyani? Mayi wamkulu, wa zidzukulu, n'kumaulula kuti amayatsa ampu yopanda gitala kuti azimvera phokoso? Manyazi anamugwira. Anangoti, "Muisamale," n'kutuluka.

Masiku amene ampu inali kwa a Mawaya, m'nyumba munali zii. Mayiyo anasoka diresi lina mkono chagada, iye amene sankalakwitsa ngakhale batani.

Atapita kukaitenga anapeza a Mawaya akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Anayatsa yakumanzere, mavalavu anafiira. Anayatsa yakumanja. Mayiyo anatchera khutu, mtima uli m'mwamba.

"Simunayatse?"

"Yayaka kale imeneyo!" A Mawaya anatenga kamtengo n'kugogoda valavu lililonse pang'onopang'ono. "Mwamva? Palibe ndi kakhwaa komwe. Valavu ndasintha, fumbi lonse ndalipemerera kunja. Ndiye chinjuchi chanu chija, alamu, ndachipha. Ankachititsa ndi makapasita, timigolo tosefa magetsi, tinali titakalamba. Mnzanga uja ankandikaniza kutigwira, mutu wouma ameneyo. Ine ndinkakumvani mukudandaula zaka zonsezi. Ndinati, basi, alamu angawa apumeko."

Mayiyo anabwerera m'mbuyo. Anakhala pa wailesi yakufa imene inali pambali.

"Timigoloto tili kuti?"

A Mawaya anafufuza m'katoni ya zinyalala, n'kutulutsa. Tinali totupa, tikutuluka zoyera kumatako, timiyendo atatidula kale.

"Bwezeretsanimo."

"Aa, alamu, izi? Zikanaphulika tsiku lina lililonse. Zingakutenthereni nyumba inu muli momwemo."

"Bwezeretsanimo, chonde." Mawu anamuthothoka, misozi ili chuchuchu. "Ndinatsala ndi chokhacho. Chikamalira, ndimamva ngati ali m'nyumba."

A Mawaya anavula magalasi. Anayang'ana timigolo tija m'dzanja mwawo, anayang'ana ampu, pakamwa pali yasaa. Kumwetulira konse kuja kunathawa.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Bwanji simunandiuze?"

Mayiyo anapukuta misozi. Akanakwiyira ndani? Munthuyu anachita zomwe iye mwini anapempha kwa zaka, mokuwa, anthu onse akumva.

"Ndikhoza kumasula waya wina kuti izichitako phokoso," anatero a Mawaya. "Koma sindikunamizani, silikhala lomwe lija. Lija linkapangika pang'onopang'ono, ampu ikukalamba limodzi ndi mwini wake."

"Isiyeni choncho."

A Mawaya anakankha okha wilibala mpaka kunyumba kwa mayiyo. Anaiika pakona paja, n'kutsanzika maso ali pansi.

M'mawa mwake mayi telala anayatsa yakumanzere. Anadikira mavalavu afiire, monga anaphunzitsidwira, n'kuyatsa yakumanja. Ampu inayaka bwinobwino, yathanzi, yopanda chilema. Kafungo kaja panalibe. Anakhala pamakina, anaika nsalu pansi pa singano, koma phazi linakana kuponda.

Ndiye anatseka pakamwa n'kuyamba kung'ung'udza yekha. Ng'uuu. Ayi, linali lotsikirapo. Anatsitsa mawu. Ng'uuu. Kapena linali lokwererapo? Zaka zonsezo akulimva, lero sankatha kulikumbukira bwino. Anasankha limene linayandikira, anatsinzina, n'kuligwira mwamphamvu, osafuna kulitaya, mpaka chifuwa chinayamba kuwawa.

Koma mpweya unamuthera. Anaima kuti apume, ndipo m'nyumba monse munali zii.