Tsiku Limene Minda Inawoloka Muloza

Dainess Mulewa ankanyansidwa ndi kompyuta ya mu ofesi ngakhale zinthu zisanavute. Mabatani ake ankanyezimira ndi mafuta a tchipisi, m'mipata mwake mutadzaza nyenyeswa za mandasi, ndipo mausi yake inkamata m'manja ngati ulimbo. Mwini uve wonsewo anali a Morton Chikuse, mkulu wa ofesi ya kabungwe ka alimi a tiyi pa Limbuli, bambo wa ku Limbe amene ankadyera pa desiki, kutokosera mano pa desiki, ndipo kukadakhala kotheka akadasambira pomwepo. Zaka zitatu ali pa Limbuli, nsapato zawo zinali zisanalawepo matope a m'munda wa tiyi.

Chaka chimenecho mvula inachita zoopsa. Madzi anatsika m'phiri ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe, n'kukokolola minda makumi anayi ndi itatu ya kwa Mukhova, kufupi ndi mtsinje wa Muloza umene umalekanitsa Malawi ndi Mozambique. Likulu la bungwe ku Blantyre linalonjeza mbande zatsopano za tiyi, koma linaika lamulo: mlangizi akaime m'munda uliwonse ndi foni, ajambule chithunzi, ndipo apu ya bungwe ilembe malo enieni pamene waima. Kaundula atsekedwa Lachisanu madzulo. Amene munda wake sulowamo, mbande aziiwale.

Mlangizi wake anali Dainess. Anatumiza uthenga kwa Mukhova kuti Lachiwiri aliyense akhale m'munda mwake. Koma Lachiwirilo kutacha, batire ya foni ya ntchito inali itafufuma ngati chitumbuwa, foni osayakanso. Kunja mvula inkagwa yamvumbi, yosadziwa kukata.

"Bwana, mundibwerekeko yanu," anatero Dainess. "Yangayi ndi ya mabatani, apu singalowe."

A Morton anabisa foni yawo m'thumba la malaya msangamsanga. "Muli zinthu za banja umu. Koma mukuvutikiranji, a Dainess? Foni n'chiyani? Foni ndi kompyuta yovala kabudula basi. Bwerani muone."

Anapukutira zala pa thalauza n'kudina. Pa galasi la kompyuta panatuluka chithunzi cha foni yathunthu, yoimirira, yokhala ndi wotchi yake ndi kachizindikiro ka batire pamwamba. Anaigwira ndi mausi, ndipo inatseguka monga foni yeniyeni.

"Iyi amati emuleta," anatero monyada, ngati anaipanga okha. "Kompyuta imanamizira kukhala foni, apu n'kukhulupirira. Apu yanu ija ndaikamo kale. Chatsala ndi dzina lanu ndi nambala yanu yachinsinsi."

"Nanga malo? Apu imafuna ndiime m'mundamo."

"Ndiye pokoma pake pamenepo." Anatsegula mapu pambali. "Ndikadina apa, foni ikuti ili apa. Ndikafuna ikhale ku Joni, ikhala ku Joni, popanda pasipoti."

Dainess ankadziwa kuti mlongo wake Golden, woyendetsa kabaza pa chipata cha malire cha Muloza, ali ndi foni yosweka galasi koma yogwira ntchito. Kukamupeza kunali kwa ola limodzi. Koma anayang'ana mvula panja, anaganiza za mlatho umene unapita ndi madzi, anaganiza za matope ofika m'mawondo, ndipo mtima unagwa ulesi. Anadziuza kuti minda inakokolokadi, alimi ndi enieni, ndiye bodza lili pati? Anawerama n'kulemba nambala yake yachinsinsi pa mabatani amafutawo, kenaka anapukuta zala ku chitenje.

Zithunzi a Morton anali atajambula kale. Kuseri kwa ofesi kunali chigwembe chimene madzi a ku bafa ndi a ku chimbudzi ankadutsamo, chodzaza majumbo ndi makoko a nthochi. Anachijambula mbali zonse, chakumwamba, chakumunsi, chapafupi, chapatali, mpaka zithunzi makumi anayi ndi zitatu. Pa chimodzi panaoneka ngakhale mchira wa galu wa a watchimani.

Netiweki inali yofooka, choncho mapu anabwera osaoneka bwino, obiriwira pena, otuwa pena, pakati pakudutsa mzere wabuluu. A Morton anati kameneko ndi kamtsinje ka m'mudzi, ndipo anayamba kudina kudzanja lamanja kwake. Dainess ankawerenga maina, iwo akudina, dzanja lina lili m'jumbo ya tchipisi. Ntchito ya masiku atatu inatha tiyi wa m'kapu asanazizire.

"Mwaona? Anzanu amafa ndi miyendo, ife timagwiritsa ntchito mutu," anatero akugeya.

Lachitatu m'mawa yankho linabwera kuchokera ku likulu. Minda yonse makumi anayi ndi itatu yakanidwa, chifukwa ili m'dziko la Mozambique, m'boma la Milanje. Bungwe limathandiza alimi a m'Malawi okha. Mzere wabuluu uja sunali kamtsinje ka m'mudzi. Unali Muloza weniweniyo, ndipo a Morton, amene sanapitirirepo msika wa Limbuli, anawolotsa mudzi wonse ndi chala chimodzi chamafuta.

Iwo anaseka. Anasekadi, mpaka kugwira pamimba. "Ha! Ndiye tawapatsa dziko latsopano! Musadandaule, tingonena kuti netiweki ya kutsidya inalowerera. Kuno zimachitika."

Dainess anatuluka, anakapeza Golden, anaika apu mu foni yake yosweka ija, ndipo anakwera kabaza mpaka pamene panali mlatho. Kuchokera apo anayenda pansi. Ulendo umene unamuopsa dzulo lake unangotenga maola awiri, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa minga imene inamulasa m'njira.

Munda woyamba unali wa a Esteri Namakhwa, mayi wamasiye wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Kunena kuti munda n'kungolemekeza. Panali miyala yokhayokha, mchenga, ndi zitsa zingapo za tiyi zitasuzumira ngati zala za munthu wokwiririka. A Esteri anali atakhala pa mwala, atafunda jumbo ya feteleza kumutu.

"Wafika, mwanawe," anatero mosakwiya. "Dzulo tinakudikira mpaka dzuwa kulowa. Tinati kapena wadwala. Ndinakuphikira kalongonda, wayamba kusasa tsopano."

Dainess ankadziwa kuti kalongonda saphika mwachibwana. Nyemba zimenezo zimafuna tsiku lathunthu pamoto, kutaya madzi ndi kuthiranso ena, nkhuni zake zosowa chonchi nyengo ya mvula. Ndiye kuti mayiyu anayamba Lolemba kukonzekera mlendo amene Lachiwiri anali pa mpando, akuwerenga maina pafupi ndi jumbo ya tchipisi.

Anatsegula apu n'kulemba dzina la a Esteri. Foni inayankha kuti munda umenewu unalembedwa kale, ndi mlangizi Dainess Mulewa, ndipo sungalembedwenso. Pansi pake panali chithunzi cha chigwembe cha kuseri kwa ofesi, ndi mchira wa galu uja.

"Yati bwanji?" anafunsa a Esteri.

Dainess akadatha kunamizira netiweki. Mawuwo anafika pakamwa, koma anamununkhira. Anagwada pamiyala paja n'kufotokoza zonse, za foni ya m'kompyuta, za mapu, za kutsidya. A Esteri anamvetsera osaphethira, kenaka anavula jumbo ija kumutu n'kuipinda bwinobwino.

"Ndiye makinawo akuti ine ndine wa ku Milanje?"

"Si makina, amayi. Ndife."

"Agogo anga anawoloka Muloza uyu ndi miyendo, akuthawa chikoti cha Apwitikizi, amayi anga ali kumsana. Anathyola tiyi wa azungu mpaka zala kupindika. Ine mchombo wanga unagwera apo, pamene pali mwala wosongokawo. Amuna anga agona kuseri kwa nsungwi izo. Moyo wanga wonse ndamva anthu akutinena kuti obwera, obwera, koma palibe ndi mmodzi yemwe anandinyamula kundibweza." Anamuyang'ana m'maso. "Wandibweza ndiwe, mwana wa kwathu konkuno, uli chikhalire pa mpando."

Sanakweze mawu, ndipo bola akadamutukwana. Dainess anabwerera ku Limbuli akudzinyansa ngati wagwera m'chigwembe chija.

Lachinayi m'mawa anaimbira ku likulu, a Morton ataima pambali akumunong'oneza za netiweki. Anayankha mayi wina wa mawu ouma, wotchedwa a Phekani, amene ankayang'anira kaundula.

"Za netiweki musandiuze," anatero mayiyo. "Netiweki siyendetsa munthu minda makumi anayi ndi itatu pa mphindi khumi ndi zisanu. Nkhani ili pawiri. Ngati munapitadi, ndiye kuti alimiwo ndi a ku Mozambique, ndipo tatseka. Ngati simunapite, lembani kalata kuti munanama, tifafanize, mukalembe zoona lisanathe Lachisanu. Koma mukudziwa chimene bungwe limachita ndi mlangizi wonama."

Foni itaduka, a Morton anakhala pa desiki n'kutsegula jumbo ya mandasi. "Musapupulume, a Dainess. Ntchito ikusowa masiku ano. Anthu ajawa ndi olimba, adzaona chochita. Ndiponso tikanena zoona, ambiri mwa iwo kwawo n'komweko."

Apa ndiye Dainess anawayang'anitsitsa, milomo yonyezimira, nyenyeswa pachibwano, ntchentche ikuyenda pa mausi. Anafuna kulavula, koma anakumbukira kuti nambala yachinsinsi analemba yekha, popanda womugwira dzanja. Anang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi cholembera, chifukwa mabatani aja sakadawakhudzanso. Analemba kuti sanapite, analemba za emuleta, analembanso dzina la amene anadina.

"Dzina langa mukulitayira nthawi," anatero a Morton akusuzumira. "Mu kaundula muli lanu lokha. Ine ndinali ku nkhomaliro."

Ndipo zinaterodi. Dainess anajambula kalatayo ndi foni ya Golden n'kuitumiza, ndipo pofika masana likulu linafafaniza minda ija, n'kuuza Dainess kuti amalize kulemba, Lolemba adzabweze mabuku a bungwe. Za a Morton anati adzafufuza, mawu amene aliyense amadziwa tanthauzo lake. Pamene Dainess ankatuluka, anawaona akufufuta foni ya pa galasi ija. Anadina kawiri, ndipo panatuluka ina yatsopano, yoyera, yopanda mlandu.

"Ya amene adzalowe m'malo mwanu," anatero osachita manyazi. "Ulendo uno ndidzadikira mapu aoneke bwino."

Masana a Lachinayi ndi Lachisanu lonse Dainess anali kwa Mukhova, Golden akumudikira pa mlatho wogumuka. Anakwera zitunda, anatsetsereka, anagwa kawiri, batire akuitchajira kwa mphunzitsi wina wokhala ndi sola. Mbiri inali itamutsogolera. Ena anamulandira ndi nkhope zolimba, ena anamufunsa mwachipongwe ngati mbande zidzabwere ndi malangizo a Chipwitikizi. Iye sanadziteteze. Pa munda uliwonse ankaima pakati penipeni, n'kudikira mpaka kadontho ka pa mapu kakhazikike kumadzulo kwa mtsinje.

Kwa a Esteri anafikako pomalizira, dzuwa litapendeka, chifukwa ankaopa. Anawapeza pa mwala womwe uja, koma tsopano atavala chitenje cha ku tchalitchi ndi duku yoyera. Kalongonda panalibe, ndipo Dainess sanayembekezere.

"Akuchotsa ntchito, ndamva," anatero a Esteri.

"Eya, amayi."

"Mbande zibwera?"

"Zibwera. Wanu ndi womaliza."

A Esteri anagwedeza mutu, osanena kuti pepa, osanenanso kuti zikomo. Anadzuka pang'onopang'ono, anayenda mpaka pa mwala wosongoka uja, ndipo anavula masilipasi n'kuwaika pambali. Lamulo linkangofuna chithunzi cha munda, koma iwo anaima chilili pakati pake, mapazi ali pa dothi lofiira limene madzi anasiya. Dainess anakweza foni, nkhope ya mayiyo itadulidwa pakati ndi mng'alu wa galasi.

"Bwerera m'mbuyo pang'ono," anatero a Esteri. "Nkhope ayidziwa, alibe nayo ntchito. Jambula mapaziwa, akaone pamene aponda."