Mtima Wokana Kubisidwa Dzina

Moni okondedwa, ndipo tiyamike Mulungu amene watidzutsa mitima ikugunda.

Pa chipatala china panali dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni ya mtima, amene anamwino ankamutcha Mayi Tulo. Tsiku lina anagonetsa bambo wosoka nsapato wa mapapo ofooka kwambiri, mwa njira imene anaiganizira yekha, ndipo bamboyo anadzuka bwinobwino. Mayi Tulo analemba zonsezo kuti zituluke m'magazini ya bungwe la madokotala ogonetsa, anzake aphunzirepo. Chinangotsala ndi chilolezo cha mwini mtima.

Anamupeza pakhonde la sitolo, ulusi uli kukamwa.

"Musade nkhawa bambo, dzina lanu silituluka. Tingolemba kuti mwamuna wachikulire."

Bamboyo analavula ulusi. "Mwamuna wachikulire? Adokotala, akhate aja anachira khumi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi. Mukufuna ine ndikhale m'gulu la othawawo?"

"Ndi lamulo la akonzi a magazini. Amateteza inu nomwe."

"Kunditeteza kwa ndani? Chipserachi ndimaonetsa aliyense wobwera ndi nsapato yothyoka chidendene!" Ndipo anayamba kumasula mabatani a malaya, anthu akudutsa.

Mayi Tulo anapita kwa akonzi ndi kwa bamboyo kangapo mpaka miyendo kutopa. Akonzi anakana mwaulemu, bamboyo anakana mwachimwemwe. Potsiriza, mutu utatentha, Mayi Tulo anauza bamboyo kuti, "Chabwino! Bwerani ku msonkhano wa bungwe. Ndikugawirani pang'ono nthawi yanga, dzinalo mukalitchule nokha." Pomwepo bamboyo anasaina, dzanja lili phula lokhalokha.

Kumsonkhano anatchuladi dzina lake. Anatchulanso la bambo ake, la mkazi wake, ndi la namwino amene anamupatsa madzi. Anatsegula malaya. Kenaka anayambitsa nyimbo yotamanda, ndipo mapulofesa ena akumbuyo, amene anabwera kudzatsutsa, anayamba kuvomereza ndi mawu a besi. Wapampando analiza belu, bamboyo nkumaombera m'manja motsatira belulo.

Mayi Tulo anangoima pambali ndi zithunzi zake, osaonetsa n'chimodzi chomwe.

"Nthawi yatha," anatero wapampando akupukuta maso. "Njirayo mukaiwerenge m'magazini."

"Mwaona adokotala?" ananong'oneza bamboyo potsika. "Mumangodandaula chabe."

Mayi Tulo anatseka kompyuta yake mwamphamvu ndithu, koma ameni anamunena.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni kuleza mtima kwa amene amakutopetsani, ndipo akusungireni mpweya wanu pogona ndi podzuka.