Denga Limene Ndinaloza

Tchuthicho anakonza ndi mwana wanga Zuleica. Anabwera kuchokera ku Lisbon komwe amagwira ntchito, nandipeza ku Praia ndili ndekha m'nyumba chimwalirire mayi ake, Idalina. Anati tipite ku chilumba cha Fogo tikapitidwe mphepo, tikaone phiri lamoto, tikadye tchizi cha mbuzi monga achitira alendo ena onse. Tili m'ndege ndi pamene ananena chimene ankafunadi: ndikamuonetse nyumba imene mayi ake anakuliramo ku Chã, mudzi wa m'chigwa cha phirilo. Iye anafikako ali wakhanda basi. Ndinamuuza kuti imeneyo si nkhani, ndinakwatira kumeneko.

Koma ndinali ndisanapondeko chiphulikire phirilo. Pamene chiphalaphala chinatsika n'kukwirira mudzi, Idalina anali atayamba kale kudwala, ndipo ankakana kuona ngakhale zithunzi zake.

Titafika ku Chã, Tuda, mkulu wake wa Idalina, sitinamupeze. Anali atapita kutauni kukagulitsa tchizi. Mmawa Zuleica anakwera phiri ndi alendo anzake, ine n'kutsala chifukwa cha maondo. Anatsika masana, phulusa lili m'tsitsi, akuseka koyamba chifikire kuchokera ku Lisbon. Kenaka anati, "Tiyeni tsopano, Bambo."

Pamene panali msewu, tchalitchi ndi minda ya mphesa panali mwala wakuda wokhawokha, wakuthwa, wolira ngati mbale zosweka ukauponda. Apo ndi apo pankaoneka madenga asimenti atangosuzumira, komanso nyumba zatsopano zomangidwa pamwamba pa mwalawo. Ndinaima phiri lili kumbuyo kwanga monga mmene ndinkakumbukirira, koma panalibe mtengo kapena mphambano yondithandiza. Zuleica ankandiyang'ana. Ndinaona kadenga kena kokhala ndi utoto wobiriwira m'mphepete, ndipo mtima unandiuza kuti utoto umenewo ndinauonapo.

"Ndi iyi," ndinatero.

Anagwada n'kuika dzanja pasimentipo. Analira nthawi yaitali, akulankhula ndi mayi ake motsitsa mawu. Kenaka anatulutsa mpango wa Idalina m'chikwama n'kuupsinja ndi mwala. Ine ndinkayang'ana phiri.

Tuda anafika dzuwa litapendeka. Anamukumbatira Zuleica mpaka kumunyamula, ine n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mabuku aja akudyani mpaka tsitsi?"

"Inunso phiri linakukanani, alamu. Linaona kuti ndinu olimba kutafuna."

Anaseka, natilowetsa m'khitchini yake yatsopano. Zuleica anamufotokozera zonse, akuloza pazenera kumene tinali. Tuda anasuzumira pazenerapo. Anatuma Zuleica kuti akathyole mphesa kuseri, ndipo atangotuluka anatembenukira kwa ine.

"Mwamuliritsa mwana pathanki la madzi amvula la eni ake, la a Djonzinho."

Ndinakhala pansi.

"Zaka zonse zija mukubwera kuno munkayang'ana chiyani, aphunzitsi inu?"

"Ndinkayang'ana mng'ono wanu. Iye ankatsogola."

Sanandisekenso. Ndinamupempha kuti tingozisiya: mwana walira kale, mtima wake watsika, mawa tikubwerera, kodi simenti si simenti? Iye anati kuno munthu aliyense amadziwa pamene pagona nyumba ya kwawo, ndipo mawa mudzi wonse ukhala ukufunsa kuti mpango wa Idalina ukutani kwa a Djonzinho.

"Mumuuza ndinu, kapena ndimuuze ine?"

Ndinamuuza ndine, pakhomo, mphesa zili m'manja mwake. Ndinalankhula mwachidule monga ndinkachitira pouza makolo kuti mwana walephera mayeso. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwanji simunangonena kuti simukudziwa, Bambo?"

"Ndinkayesa ndikudziwa."

Anapita yekha kukatenga mpango uja. Ndinkamuona pazenera akudzandira pamiyalapo, ndipo sindinamutsatire. Atabwerera, maso ali ofiira, sanalankhule nane. Anafunsa Tuda kuti, "Nanga ili pati, amayi aakulu?"

Tuda anayamba ndi kufotokoza. Anati moto utazima, boma linawamangira nyumba kumunsi n'kuwaletsa kubwerera, koma anthu anabwerera ndithu. Ndipo sankangomanga paliponse. Aliyense ankaima pamwalapo, kuyang'ana ming'alu ya khoma la phiri imene ankaiona ali pakhomo pake kale, kusuntha pang'onopang'ono mpaka ming'aluyo itakhala m'malo mwake. Pamenepo ndi pamene ankakumba maziko.

"Vula nsapato, mwanawe."

Zuleica anavula. Atangoponda simenti ya m'khitchinimo, anakweza phazi limodzi modabwa.

"Pakufunda."

"Mwala wapansipa sunazizirebe. Nyumba ili m'munsimu, denga ndi zonse, ngakhale makina osokera a agogo ako. Chipinda chimene tinkagona ndi amako chili cha apo, pamene pali matumba a nyemba."

Zuleica anasuntha thumba limodzi n'kukhala pansi, manja onse atawayala pasimenti. Sanalire. Misozi inali itathera kuthanki kuja, ndipo ndinadziwa kuti ndine ndinamuwonongera. Tuda anayatsa moto, akunena kuti chaka choyamba munthu sankatha kuponda pamenepo wopanda nsapato, ndipo zochapa zinkauma ukangoziyala pansi. Tsopano pakuzirala chaka ndi chaka. Anati Zuleica akadzabwera ndi ana ake, mwina adzapeza pali zii ngati khitchini ina iliyonse.

"Nanunso vulani, alamu. Palibe amene akubereni nsapato zakale ngati zimenezo."

Ndinati ndili bwino chomwechi. Ndinakhalabe pampando pafupi ndi khomo, zingwe zili zomanga. Patapita kanthawi, kufundako kunayamba kulowa ndithu, kudutsa m'zidendene.